Ana akupsa ndi dzuwa la ku Moatize: asewere bwanji ndi madzi pakhomo?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, wa zaka 8, wa zaka 5 ndi wa zaka ziwiri. Tasamuka ku Ulongué kubwera ku Moatize chaka chino chifukwa cha ntchito ya bambo awo. Kutentha kwa kuno kwatidabwitsa. Ana akungokhalira kulira masana onse, ndipo wamkuluyo wayamba kuzemba ndi anzake kupita kumtsinje wa Revúbuè. Damu losambiramo tilibe, madzi a pampopi amabwera maola ochepa, ena timachita kugula. Ndingawaseweretse bwanji ndi madzi pakhomo kuti thupi lizizire, osamwaza madzi ambiri? Apongozi anga akukaniza, akuti kusewera ndi madzi kumadwalitsa malungo.

Akuyankha ndi namwino wa ana:

Mayi, pepani ndi dzuwa. Anawo sakuchita matama ayi. Ulongué ili pamtunda wa mamita oposa 1,000, pomwe Moatize ndi mzinda wa Tete zili pansi, m'chigwa cha Zambezi. Munthu akatsika mamita 1,000 kutentha kumakwera ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye muonjezerepo miyala, malata ndi fumbi la kumeneko. Mu Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, masana kufika madigiri 40 kapena kupitirira si zachilendo. Thupi la munthu wamkulu limazolowerako pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. La mwana limachedwerapo, komanso mwana akatanganidwa ndi masewera sakumbuka kumwa madzi mpaka atafooka.

Za damu musadandaule nazo. Mukanakhala nalo, ndi mwana wa zaka ziwiri pakhomopo, yankho langa lonse likanathera pa mpanda ndi loko.

Thupi limazizira pamene madzi akuuma pakhungu. Taonani mtsuko wadothi: madzi ake amazizira kuposa a m'chigubu chapulasitiki chimene chili pambali pake pomwepo, chifukwa mtsuko umachita thukuta, ndipo thukutalo likamauma limanyamula kutentha n'kupita nako. Khungu la mwana limagwira ntchito momwemonso. Masamu ake ali chonchi. Lita imodzi ya madzi a madigiri 27 mukaikhuthulira pa mwana n'kuyenderera pansi, ngakhale itafunda mpaka kufanana ndi thupi lake pa madigiri 37, yachotsa makilokalori (muyeso wa kutentha) 10 okha. Lita yomweyo ikaumira pakhungu ndi pamalaya pang'onopang'ono imachotsa makilokalori pafupifupi 580. Kusiyana kwake n'koposa ka 50. Ndowa yokhuthulira pamutu kamodzi imasangalatsa ndithu, mwana amakuwa n'kudumphadumpha, koma madzi ambiri alowa m'dothi asanagwire ntchito. Chimene mukufuna ndi chakuti mwana anyowe pang'ono, aume, anyowenso, ali pamthunzi podutsa kamphepo. Mpweya ukatentha kuposa khungu, kuyambira cha m'ma 35 kupita m'mwamba, mphepo payokha siziziritsa munthu, imachita kumuotcha. Imathandiza pokhapokha khungu lili lonyowa.

Pamenepa chilimwe cha ku Tete chili ndi ubwino wake umodzi: mpweya ndi wouma, madzi amauma msanga. Mu Januwale ndi Febuluwale, mpweya ukadzaza chinyezi, njira yomweyi imachepa mphamvu, ndipo mudzaona ana ali chinyowere koma akudandaulabe.

Ndiye chigubu chimodzi cha malita 20 chikwanira ana atatu masana onse, bola madziwo azituluka pang'onopang'ono. Chiikeni padera m'mawa, muwauze kuti ichi n'chawo, chikatha masewera atha. Ana akadziwa kuti madzi ali ndi malire amawasamala okha, ndipo wa zaka 8 uja adzakhala wapolisi woposa inu.

Malo akhale pansi pa mtengo, wa mango kapena wa nimu ngati ulipo. Mthunzi wa malata umanamiza: dzuwa silikufika, koma malatawo akutulutsa moto pamutu pa ana. Pansi pa msawu sesani kaye minga. Ngati mtengo palibe, mangani kapulana kapena matumba osokerera pamitengo inayi, mbali zonse zikhale zotsegula. Pansi pakhale dothi, mchenga kapena udzu. Simenti yonyowa imaterera, ndipo youma imene yakhala padzuwa imatha kuotcha mapazi a mwana wamng'ono mpaka matuza. Iyeseni ndi kuseri kwa dzanja lanu, ikakukanikani kupirira ndiye kuti mwana asapondepo. Patalikirane ndi chimbudzi ndi khola la mbuzi, pakuti njoka zina zam'mimba zimalowera m'mapazi pamene mwana waponda dothi lonyowa lomwe lili ndi chimbudzi. Ndipo zingwe zamagetsi zimene timakoka kuchokera m'nyumba kupita ku filiji ya pakhonde kapena kwa aneba, zichotsedwe madzi asanatuluke.

Nthawi yoopsa pakhungu ndi kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana. Pakati pa maola amenewa masewera akhale odekha, a chokhala, pamthunzi weniweni. Othamangathamanga adikire dzuwa lipendeke. Madzi pathupi amabisa kupsa kwa dzuwa, mwana samva kanthu mpaka madzulo mapewa atayamba kunyenyeza. Khungu lakuda limapsanso. Ngati pakati pa ana odzasewera nawo pali wachialubino, ameneyo asachoke pamthunzi, avale chipewa chakhonde ndi malaya a manja aatali, ndipo mafuta oteteza kudzuwa apakidwenso akanyowa.

Tsopano masewerawo. Chida chimene sindinachipezere chinzake ndi botolo lapulasitiki la zakumwa. Otchani msomali wawung'ono pamoto, muboole timabowo titatu kapena tinayi pa chitsekerero. Mwana akalifinya, madzi amatuluka ngati timizere, ndipo theka la lita amathamangitsana nalo nthawi yaitali. Botolo lalikulu la malita awiri mulibooleko timabowo tochepa kunsi kwake, mulimangirire kunthambi ndi chingwe. Mukatseka chitsekerero zolimba madzi amangodontha kapena kuima kumene, mukamasula pang'ono mvula yayamba. Ana amaikonda kwambiri imeneyi chifukwa mvulayo akuilamulira okha. Chigubu chanu chidzaza botolo lotere ka 10. Timabowo tikhale tating'ono. Mukaboola ndi msomali wa denga, botolo litha musanatembenuke.

Fulaye mumamudziwa: awiri kuponya mpira mbali ziwiri, wapakati akuzinda uku akudzaza mchenga m'botolo. Sinthani zinthu ziwiri zokha. Mpira ukhale sanza zomanga pamodzi kapena siponji yoviika m'madzi, ndipo wapakatiyo azidzaza botolo ndi madzi pogwiritsa ntchito kakapu. Amene walasidwa wanyowa, amene waponya wanyowa manja ndi malaya, ndipo palibe amene akulira chifukwa mpira wa sanza zonyowa supweteka, bola asalunjike kumaso. Masewera amenewa ndi a madzulo, ndipo ndi amene angakope wa zaka 8 ndi anzake. Winanso wa msinkhu womwewo ndi mpikisano wa makapu oboola: magulu awiri, aliyense atunge pano, athamange atasenza kapu yodontha pamutu, akakhuthule otsalawo m'botolo la uko. Gulu loyamba kudzaza botolo lapambana, koma onse afika kumapeto atanyowa kuyambira kumutu.

Wa zaka 5 safuna zambiri. Mupatseni kachitini ka madzi ndi bulashi yakale kapena kachisanza komanga kukamtengo, ajambule pakhoma kapena pachitseko. Chithunzi chimauma akuona, ayambirenso. Dongo lonyowa ndi lina: kuumba ng'ombe, miphika ya masanje, magalimoto. Manja ndi miyendo zimakhala zonyowa ola lathunthu ndi madzi osakwana lita. Makolo ena a m'tauni amadana nalo dongo ati ndi uve, koma ine ndimaliika patsogolo pa zidole zambiri za m'sitolo, bola likumbidwe pamalo aukhondo ndipo mwana asambe m'manja ndi sopo asanadye. Angathenso kukumba kangalande mumchenga, kuyalamo pepala lapulasitiki, n'kumayendetsamo mabwato a makoko a chimanga.

Wa zaka ziwiriyo akhale pamphasa pafupi nanu, ndi mbale yosaya ya madzi ongophimba zala, makapu awiri, supuni ndi sefa. Pa msinkhu umenewu kuthira madzi kuchoka m'kapu ina kupita m'kapu ina ndi ntchito yaikulu, satopa nayo. Ngati muli ndi filiji, umitsani madzi m'kambale kuti chituluke chibuma chachikulu, achigwiregwire ndi kuchitsetsereza m'mbalemo. Tizidutswa ting'onoting'ono ta ayezi ayi, tingamutsamwe. Inu muzimupukuta ndi kansalu konyowa m'khosi, m'khwapa ndi kumsana.

Kapulana wonyowa amagwira ntchito pawiri. Mukamuyanika kumbali yochokera mphepo, mpweya wodutsapo umazizirako, ndipo ana amamusandutsa nyumba ya masanje. Malaya a thonje onyowetsa amasunganso madzi pathupi nthawi yaitali kuposa khungu lamaliseche.

Pali ziwiri zimene mwina mwaziona pa foni ndipo ana adzakupemphani. Choyamba ndi kuyala lona, kuthirapo madzi ndi sopo kuti azitsetsereka. Chimadya madzi ambiri, sopo wochapira zovala amaotcha m'maso, ndipo pabwalo lathu louma gwa, la timiyala, chimathera pa zigongono zosupuka kapena dzino loguluka. Chachiwiri ndi timadamu tapulasitiki topopa timene timagulitsidwa m'masitolo. Kamene kali mita imodzi ndi theka m'mimba mwake, mukathira madzi ofika masentimita 20 okha, kamwa malita pafupifupi 350, ndiko kuti zigubu 17 ndi kanthu. Munthu amene wagula madzi otere sangawataye madzulo. Amawasunga mawa, mkuja, mpaka asanduke obiriwira, ana akusambamo ndi kukodzeramo momwemo. Ndalamayo ndi bwino igule chipewa ndi sopo.

Apa ndiye pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ngozi yaikulu ya masewera a madzi pakhomo ili mu ndowa. Mwana wa chaka chimodzi kufika zitatu ali ndi mutu waukulu wolemera poyerekeza ndi thupi lake. Akasuzumira mu ndowa kufuna kutola kapu, mutu umatsogola, miyendo m'mwamba, ndipo manja ake alibe mphamvu zodzikankhira kunja. Ndowa yodzaza theka ndi yolemera, sigwa. Madzi a masentimita 5 okha ndi okwanira kutseka mphuno ndi pakamwa. Ndipo mwana womira sakuwa, sagunda kanthu, salira. Mutha kukhala kuseri kwa nyumba mukutsuka mbale osamva chilichonse, pomwe ubongo ukasowa mpweya mphindi zinayi kapena zisanu umayamba kuwonongeka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosakwana zaka zisanu.

Kumene madzi amabwera mwa apo ndi apo, monga kwanuko, ngoziyi imakula, pakuti nyumba iliyonse ili ndi migolo, mabeseni ndi ndowa zodzaza zodikira tsiku louma. Zonsezo zikhale ndi zivindikiro zolimba zimene mwana sangatukule, kapena zitsekeredwe m'chipinda. Chitsime cha pakhomo chivindikiridwe, dzenje loumbira njerwa likwiriridwe. N'chifukwa chake ndanena chigubu chakukamwa kwakung'ono kuti ndicho chikhale nkhokwe ya madzi a masewera. Ngati pakufunika potungira, beseni losaya, madzi ochepa, ndipo likangotha ntchito likhuthulidwe n'kuvundikiridwa pansi.

Woyang'anira akhale munthu wamkulu, ndipo wa zaka ziwiriyo akhale pamene dzanja lanu lingamufike. Wa zaka 8 sangalere mng'ono wake pamadzi. Tinakula tikuberekana kumbuyo, n'zoona, koma mwana amene ali pakati pa fulaye maso ake ali pa mpira. Mukaitanidwa pachipata kapena ndiwo zikamapserera, nyamulani wamng'onoyo mupite naye. Pamene akuluakulu achuluka m'pamenenso ngozi imachitika, aliyense poganiza kuti mnzake akuona. Tchulanani dzina: pano akuyang'ana ndi uje, ndipo ujeyo foni aike pansi. Ana a aneba adzabwera okha akangomva phokoso, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe, choncho muziwerenga mitu, makamaka ya timakanda tobwera pamsana pa azichemwali awo.

Zitachitika kuti mwapeza mwana m'madzi, mutulutseni, mumugoneke chagada pamalo olimba, mukuwe kuti anthu abwere. Ngati sakupuma, pendeketsani mutu wake chakumbuyo pang'ono, mumuuzire mpweya m'kamwa kasanu, mukuona chifuwa chikukwera. Kenako dinikizani pakati pa chifuwa ka 30 mofulumira, muuzirenso kawiri, n'kumabwereza choncho uku wina akufuna galimoto. Musataye nthawi kumuzondotsa kapena kumufinya pamimba kuti madzi atuluke. Chimene akusowa ndi mpweya. Ngakhale atatsitsimuka, apite kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti mapapo amatha kuvuta pakapita maola. Mukapita kusikelo pemphani anamwino kapena a APE, aja azaumoyo a m'midzi, a m'dera lanu akuonetseni ndi manja mmene zimachitikira.

Ziwiya nazo zisankhidwe. Inu ochokera ku Ulongué, m'boma la Angónia, mukudziwa kuti m'nyumba zambiri za alimi a fodya, mbatata ya kachewere ndi tomato muli chopoperera mankhwala cha kumsana. Chimatulutsa nkhungu yokongola, ndipo munthu angaganize kuti akachitsuka bwino chingasangalatse ana. Chisayandikire mwana ngakhale pang'ono. Mankhwala ophera tizilombo amakanirira m'pulasitiki ndi m'mipaipi yake, ndipo ambiri amalowa m'thupi kudzera pakhungu, makamaka khungu lonyowa ndi lotentha. Chimodzimodzi mabotolo ndi zigubu zimene munali mankhwala a mbewu, dipi wa ziweto, petulo, dizilo kapena asidi wa batire. Ngati mugwiritsa paipi yothirira, tayani kaye madzi oyamba: paipi yakuda imene yagona padzuwa imasunga madzi otha kuwaula khungu la mwana.

Madzi a masewera muwatenge ngati akumwa, chifukwa ana adzawamwa ndithu, kaya mwadala kaya mwangozi. Akakhala a pachitsime chosatetezedwa kapena ogula kwa anthu amene simukudziwa kumene atunga, thiranimo Certeza, mankhwala aja oyeretsa madzi akumwa, kachitsekerero kamodzi pa malita 20, mudikire mphindi 30. Simunaiwale kolera wa 2023, amene anafika m'chigawo chathu chino cha Tete komanso kutsidya ku Malawi. Mwana amene akutsekula m'mimba asaseweretse madzi pamodzi ndi anzake mpaka atachira, ndipo wa thewera asakhale m'beseni limene ena akutungamo. Amene khutu likutuluka mafinya asewere ndi dongo, mutu usanyowe. Madzi otsukuluzira zovala ndi abwino kuwaza pabwalo kuti fumbi ligone, koma osati kumaso kwa ana.

Tibwere kwa apongozi. Musawatsutse pagulu, chifukwa zimene akunenazo zili ndi pochokera. Anaona ndi maso awo kuti ana osewera m'zithaphwi ndi m'madambo ndiwo amadwaladwala, ndipo nyengo ya madzi ndiyo nyengo ya malungo. Koma malungo amabwera ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma makamaka usiku. Kunyowa masana sikungaike kachilombo ka malungo m'magazi a mwana. Chimene madzi amachita ndi kulera udzudzuwo: umaikira mazira m'madzi odekha, ndipo kukatentha chonchi, pakangotha sabata imodzi kapena masiku 10 mazirawo asanduka udzudzu wouluka. Ndiye mukagwirizane nawo motere: ana asewere, koma dzuwa likamalowa pabwalo pasatsale chithaphwi, chitini, tayala kapena beseni la madzi, ndipo usiku aliyense agone mu neti, ngakhale mutagona panja chifukwa cha kutentha. Mwinanso muwapatse agogowo udindo woyendera bwalo madzulo. Za chimfine, nacho chimabwera ndi tizilombo topatsirana. Komabe mwana akayamba kunjenjemera kapena tsemwe kumera pakhungu, masewera aime, apukutidwe, avale zouma.

Madzi otsala asapite pachabe. Ngati malo osewerera ali pafupi ndi phata la nthochi, papaya kapena kabedi ka mpiru, kumbani kangalande kolowera kumeneko. Chigubu chija chagwira ntchito kawiri, ndipo bambo awo sadandaula kwambiri za mtengo wake.

Kunyowa kunja sikulowa m'malo mwa kumwa. Ikani botolo la madzi akumwa pamalo osewererapo, losiyana maonekedwe ndi mabotolo a masewera, ndipo muziwaimitsa pafupipafupi kuti amwe, osadikira kuti apemphe. Mkodzo ndiwo umakuuzani zoona: ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri ndi wonunkha, madzi achepa m'thupi. Mavwende, mango akupsa ndi madzi a malambe zimathandiza; zoumitsa m'timapepala zija ndi bwino kupanga nokha ndi madzi amene mukuwadziwa. Kwa owerenga ena amene ali ndi khanda losakwana miyezi 6: bere lokha, pafupipafupi, osamupatsa madzi ngakhale kutenthe bwanji, ndipo mayi ndiye amwe kwambiri.

Dziwaninso zizindikiro zoti dzuwa lamugonjetsa mwana. Zoyamba ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kukwiyakwiya, thukuta lambiri. Mulowetseni pamthunzi, mumuvule, mumupukute ndi madzi uku mukumukupiza, amwe pang'onopang'ono. Mapaketi a SRO obwezeretsa madzi m'thupi, aja timati mistura, ndi abwino kukhala nawo m'nyumba; akasowa, sungunulani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Koma mwana akayamba kubwebweta, kuyenda dzandidzandi, kusazindikira anthu, kukomoka, kapena thupi kutentha ngati moto, imeneyo ndi ngozi ya moyo. Muthireni madzi thupi lonse pomwepo, apa ndiye osaumira, mukupize, ndipo muthamangire kuchipatala mukumunyowetsabe m'njira. Amene wakomoka kapena sakuzindikira kanthu musamumwetse chilichonse. Panado sachotsa kutentha kobwera ndi dzuwa. Ndipo kwathu kuno mwana aliyense wotentha thupi ayezedwe malungo, chifukwa zizindikiro zake zimafanana, ndipo kunena kuti ndi dzuwa chabe kwachedwetsa ana ambiri.

Ndatsiriza ndi wamkuluyo chifukwa ndiye akundidetsa nkhawa. Revúbuè m'chilimwe amaoneka wofatsa, mchenga mbee, madzi a m'mawondo. Koma mtsinjewu umachokera kumapiri a kwanu ku Angónia, ndipo mvula ikagwa kumtundako madzi amatha kufika ku Moatize kumwamba kuli kowala, kopanda ndi kamtambo komwe. Mphamvu zake tinaziona mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anagumula mlatho wa pamtsinje womwewu pakati pa Moatize ndi Tete. Kumunsi umathira mu Zambezi, mtsinje wa ng'ona ndi mvuu, umenenso madzi ake amakwera ndi kutsika malinga ndi mmene atsegulira ku damu la Cahora Bassa. M'maiwe odekha a m'mbali ndimo mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizilombo take timaboola khungu munthu akungoyenda m'madzimo. Ngati tsiku lina mudzakakamizika kutunga madzi a kumtsinje kuti ana asambe, akhale m'chigubu chotseka masiku awiri, tizilombo ta likodzo timafa tokha, kenako muthire Certeza.

Kumukalipira kokha sikungamuletse, pakuti chimene chikumukoka ndi anzake kuposa madziwo. Aitanireni anzakewo pakhomo, mulankhule ndi makolo awo, nyumba zizisinthana masiku, lero chigubu cha kwa uje, mawa cha kwanu. Mwana wanuyo mumuike kukhala mwini masewera: ndiye woboola mabotolo inu mukuona, wogawa madzi, woweruza fulaye. Ndipo mumuuze zoona zake za mtsinjewo momveka, monga mmene mungauzire munthu wamkulu, kuphatikizapo chakuti mnzake akamamira asadumphiremo, akuwe ndi kumuponyera chigubu chopanda kanthu chotseka kapena kumupatsira mtengo wautali.

Popeza walowamo kale kangapo, mufunseni mwakachetechete, pawiri, ngati akumva kuwawa pokodza kapena waona magazi kumapeto kwa mkodzo. Anyamata a msinkhu umenewu amabisa. Magaziwo amatha kuyamba kuoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu chilowereni m'madzi, choncho mudzafunsenso cha m'tsogolo muno. Mukapita naye kuchipatala mukanene kuti wakhala akusamba mumtsinje. Akamuyeza mkodzo, ndipo likodzo likapezeka mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa mwana. Amwe atadya, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa nseru ndi chizungulire.